MSILIKALI ABWELE PA MSIKA KUDZAGULA, ASABWELE KUDZAGULITSA

Amai na atate a pa Soweto, City Market, Kamwala, Matero, Chilenje, na inu a pa Kapata ku Chipata. Nidziwa kuti ena muwelenga izi muli choimilila, dzanja limodzi pa foni, lina mubweza chenji. Pezani pokhala pang'ono. Nkhani ya lelo ni yaitali, ndipo poyamba izaoneka monga ni ya akuluakulu a mataye na a nyenyezi pa mapewa, koma ifika mpaka m'thumba la epuloni yanu.

Tiyambile pa chinthu chili pa tebulo panu. Chitini cha nsomba, cha nyemba, cha nyama ya ng'ombe. Mudziwa kumene chinachokela? Ku nkhondo. Masiku a Napoleon, asilikali a France anali kuvutika ndaba chakudya chinali kuola akali m'njila. Munthu wina wophika na kupanga maswiti, Nicolas Appert, anapeza kuti ukaika chakudya m'botolo, kutseka zolimba na kuliwilitsa m'madzi, chimakhala miyezi osaola. Mu 1810 boma la France linamupatsa 12,000 francs, koma na pangano limodzi: alembe njila yonse m'buku kuti aliyense aidziwe. Chaka chimenecho ku Britain, Peter Durand analembetsa patent ya chitini cha chitsulo, ndipo patapita zaka zochepa asilikali a pamadzi a Britain anayamba kugula chakudya cha m'zitini chambili. Fakitale inakula ndaba inali na kasitomala mmodzi wamkulu amene anali kugula mwezi na mwezi. Pambuyo pake ndiye chitini chinafika m'masitolo, mpaka pa kantemba ka mu Chawama.

Chimodzimodzi uja mnyamata wa Yango amene amakupelekelani katundu kwa kasitomala ku Chalala. Ka mapu ka pa foni yake kamagwila nchito na GPS, imene asilikali a America anapanga kuti ndeke na zombo zao zisasochele. Mu May 2000 boma lao linachotsa chotchinga chimene chinali kupangitsa kuti anthu wamba aziona malo molakwika, ndipo bizinesi zambili zinabadwa pamenepo. Ndalama ya msonkho inalipila asayansi, msilikali anayamba kugwilitsila nchito, ndiye wamalonda anatenga n'kupitiliza.

Manje funso langa n'lakuti: nanga kuno kwathu, ndalama ya msonkho imene imalipila asayansi na kugulila asilikali zinthu, imabwelela bwanji kwa inu?

Musaganize kuti simulipila. Levy ya pa msika ni yochepa poyelekeza na msonkho umene uli mkati mwa saladi, sopo, talk time na mafuta a basi imene mumakwela 04 koloko kupita kukaoda. Ndalama imeneyo ina imapita ku malo amene ambili a inu munapitapo pa geti osadziwa za mkati. Mukamayenda mseu wa ku eyapoti, pali NISIR. Inayamba mu 1967 na dzina la National Council for Scientific Research, n'kusintha dzina pambuyo pa lamulo la sayansi la 1997. Ku Chilanga kuli Mount Makulu, kumene amafufuza za mbeu na nthaka. Pa UNZA pali TDAU, kumene mainjiniya akhala apanga makina ang'onoang'ono kuyambila m'ma 1970. Palinso NTBC, imene nchito yake yeniyeni ni kutenga zimene asayansi apeza na kuzipeleka kwa amalonda. Maofesi alipo, mitu ilipo. Amene mwakulako mukumbukila Tip Top masiku aja Coca-Cola inasowa m'ma 1980. Asayansi a boma anali na dzanja m'nchito yosandutsa zipatso zathu kukhala zakumwa. Anayesanso kuumba malasha kucokela ku fumbi la malasha a mwala a ku Maamba, pamodzi na mbaula zadothi, mothandizidwa na Japan. Koma yang'anani pa msika lelo. Thumba la malasha a mitengo likali mfumu, ndipo mtengo wake mudziwa ndinu.

Ine ninaleledwa na tomato. Amai anga aang'ono anali kuoda mabokosi m'mawa kukali mdima, ndipo nyengo ya tomato wambili nimakumbukila fungo la madzulo, pamene mabokosi awili atatu afewa ndipo palibe wogula ngakhale uike mbasela yochuluka bwanji. Anali kukhuthula m'ngalande, n'kupita kwa wa kaloba kuti mawa akaodenso. Pa tebulo lomwelo anali kugulitsanso tumapaketi twa tomato wopela wocokela kunja. Njila youmitsa tomato na dzuwa kapena kumupela n'kumutsekela m'paketi si matsenga. Asayansi athu aidziwa kalekale. Chimene chimasowa ni munthu wokamba kuti, panga, ine nizagula matani akutiakuti mwezi uliwonse kwa zaka zisanu. Popanda pepala limenelo, banki siingakupatse ngongole ya makina, ndipo zofufuza zimagona m'kabati mpaka mwini wake apume pa nchito.

Kasitomala wa mtundu umenewo tili naye. Ni Zambia Army, ZAF na ZNS.

Mukamva mau akuti defence industry, maganizo amathamangila ku mfuti, akasinja na ndeke. Koma msilikali amaombela mfuti masiku ochepa pa chaka, ena amafika popuma pa nchito osaombelapo munthu. Chimene amachita tsiku lililonse ni kudya, kuvala, kumwa madzi, kugona m'tenti, kutchaja wailesi yake. Afuna majombo, yunifomu, bulangeti, neti, chakudya chimene sichiola m'thengo, makina osefa madzi, solar na mabatili, ka filiji kosungila mankhwala kumene kulibe Zesco. Asilikali athu akhala ku Central African Republic pansi pa United Nations kuyambila mu 2015, kumalo akutali monga Birao kumene mseu umatsekeka nyengo ya mvula. Dziko likapita na katundu wake ku nchito yotele, United Nations imabweza ndalama pa katunduyo. Manje ganizani. Ka filiji ka solar kamene kangasunge mankhwala ku Birao, n'kamene afuna amai ogulitsa nsomba ya fresh, amene anataya katundu yense mu 2024 pamene malaiti anali kupita tsiku lathunthu. Makina osefa madzi a m'kampu, ni amene anafunika mu Kanyama na Chawama nthawi ya kolela. Mu January 2018 ambili a inu munaonana na asilikali maso na maso pamene anatumidwa kuchotsa ogulitsa m'miseu. Nikanakonda tsiku lina mukaonane nao atabwela na order m'manja.

Koma tisathamange. Pali dziko la pafupi limene linayenda njila iyi mpaka kumapeto, ndipo tifunika kuona zonse, zabwino na zonunkha.

Mu November 1977 United Nations inaletsa maiko onse kugulitsa zida ku South Africa ya apartheid. Boma la azungu lija linathila ndalama zambili mu Armscor na mu CSIR, malo ao a kafukufuku amene anayamba mu 1945. Asayansi a CSIR ndiwo anapanga Casspir, chigalimoto chimene pansi pake n'posongoka monga chilembo cha V, kuti bomba lokwilila pansi likaphulika mphamvu yake ipite m'mbali, anthu a mkati apulumuke. Nzelu yake inali yeniyeni. Pambuyo pake ochotsa mabomba m'maiko ambili anaigwilitsila nchito, ndipo ngakhale America inatengela kapangidwe kameneko pa nkhondo ya ku Iraq. Koma tisaiwale kuti Casspir imeneyo ndiyo inali kuyenda m'makomboni a anthu akuda kuthamangitsa ana a sukulu, mu Soweto weniweni amene msika wathu uli na dzina lake. Ndipo pa 19 May 1986 asilikali a dziko lomwelo anaukila Lusaka, Harare na Gaborone tsiku limodzi. Kuno anaponya mabomba ku Makeni. Choncho munthu akakamba za mafakitale a zida na maso owala, ine nimakhala na kamtima kena. Zida zimenezo ife tinaziona zikubwela kwa ife.

Apartheid itatsala pang'ono kutha, mu 1992, mafakitale aja anawaika mu kampani ya boma yochedwa Denel, kuti izidzipezela yokha ndalama pogulitsa kunja. Phunzilo loyamba lili pa helikopita yao, Rooivalk. Inatenga zaka zambili na ndalama zosawelengeka, ndipo inagwila bwino nchito ku Congo mu 2013 polimbana na M23. Koma anapanga 12 chabe, ndipo palibe dziko lina linagulako ngakhale imodzi. Inu amalonda mumvetsa izi kuposa nduna iliyonse: katundu angakhale wabwino bwanji, ngati waoda chinthu chimene ogula ake ni ochepa ndipo ali kale na kumene amagula, capital yagona. Ngati South Africa, na chuma chake chonse chija, inalemedwa na helikopita, ife amene tinalephela kulipila nkhongole mu 2020 tisalote za ndeke zankhondo. Aliyense wobwela na loto limenelo, gwilani chikwama.

Phunzilo lachiwili n'lowawa kwambili. Denel inali ikali kuyenda bwino ndithu mpaka chapakati pa zaka za m'ma 2010. Mu 2015 anaikapo bodi yatsopano, mkulu wa kampani anachotsedwa, ndipo makontilakiti anali kupita ku kampani ya VR Laser, yogwilizana na banja la Gupta. Zonsezi zinaululika pa Zondo Commission. Pofika 2020 na 2021, Denel inali kulephela kulipila anchito ake malipilo athunthu. Mainjiniya amene dziko linawaphunzitsa kwa zaka makumi anali kupita ku khoti kukapempha malipilo ao. Ambili ananyamula zikwama n'kupita ku United Arab Emirates na Saudi Arabia, kumene manje apangila ena zimene anaphunzila na msonkho wa anthu a ku South Africa. Makina ungagule ena mawa. Munthu amene wakhala zaka 25 aphunzila chinthu chimodzi, akapita wapita.

Inu mudziwa mmene msika umaonongekela makada akalowa. Poyamba atenga geti, mawa atenga zimbudzi, mkucha ndiwo agawa matebulo, ndipo wa khonsolo angoyang'ana kumbali. Denel inadyedwa mwanjila imeneyo, kungoti makada ake anali ovala masuti. Ndipo nkhani za asilikali n'zosavuta kubela ndaba pali liu limodzi lotseka pakamwa aliyense: chinsinsi cha chitetezo cha dziko.

Palinso kankhani kena ka ku CSIR kamene kamanikhudza ine monga mwana wa dziko la migodi. Wasayansi wao, Michael Thackeray, anapita ku Oxford chakumayambililo kwa ma 1980 kukagwila nchito na John Goodenough, amene pambuyo pake analandila Nobel mu 2019. Anapeza njila yogwilitsila nchito manganese m'mabatili a lithium. South Africa ili na manganese ambili kuposa dziko lililonse. Koma mu 1994 Thackeray anasamukila ku Argonne ku America, ndipo nchito imene anapitiliza kumeneko inakalowa m'mabatili a magalimoto a malaiti monga Chevrolet Volt. Nzelu inayambila ku Pretoria, mwala uli m'nthaka yao, mafakitale a mabatili ali kwina. Ifenso manganese tili nao ku Luapula na ku Serenje, ndipo tinali na Mansa Batteries imene inali kupanga mabatili a Spark mpaka inagwa m'ma 1990. Mu April 2022 Zambia na Congo anasaina pangano lopanga zinthu za mabatili. Zabwino. Koma funsani kuti m'pangano limenelo, wasayansi wa ku UNZA kapena ku CBU ali pati, ndipo akapeza chinthu, azapindula chani kuti asakwele ndeke?

Pa ichi anzathu a kum'mwela anaphunzilapo. Mu 2008 anapanga lamulo lakuti chinthu chopezeka na ndalama ya boma chizilembetsedwa, chizipelekedwa kwa amalonda, makamaka ang'onoang'ono a m'dziko, ndipo wasayansi amene anachipeza azilandila gawo lake, losachepela 20 pelesenti ya miliyoni yoyamba ya ma rand. America inachita zofanana mu 1980 na lamulo la Bayh-Dole. Palibe chodabwitsa apa. Mwana amene mumamusiya pa tebulo, mukamuuza kuti pa bokosi lililonse ali na kake, amaitana makasitomala na mau ena. Wasayansi nayenso ni munthu, ali na lendi. Ngati malipilo ake ni amodzimodzi kaya chinthu chagulitsidwa kaya chagona m'kabati, azalemba lipoti, azapita ku workshop ku Siavonga, basi.

Manje tifike pamene ine niopa kwambili, ndipo apa ndiye pakhudza inu mwachindunji.

Pali njila ziwili zimene asilikali angalowele m'chuma. Angakhale ogula, kapena angakhale ogulitsa. Ku Egypt anasankha yachiwili. Makampani a asilikali kumeneko amapanga simenti, makaloni, madzi a m'botolo a Safi, ali na mafilling station a Wataniya, amamanga miseu na nyumba. Kwa zaka zambili sanali kulipila misonkho ina imene wamalonda wamba amalipila, malo anali kupatsidwa, ndipo ena mwa anchito ni anyamata a usilikali wokakamiza. Upikisana naye bwanji munthu wotele? Zinafika poti mu December 2022, pamene Egypt inatenga nkhongole ya 3 biliyoni ya madola ku IMF, chimodzi mwa zimene inalonjeza chinali kuchepetsa dzanja la boma na asilikali m'malonda.

Ife sitinafike kumeneko, koma kanjila kakuoneka. Unga wa Eagle wa ZNS utafika mu 2023, anthu anakondwela, ndipo ine sinimuimba mlandu mai amene anaimilila pa mzele kuti apulumutse makwacha ochepa. Njala siidziwa ndale. Koma inu ogulitsa unga na tuma Pamela munaona mbali ina. Amene anapatsidwa unga umenewo kuti agulitse anali na mzele pa khomo, amene sanapatsidwe anakhala na matumba ao. Ndani anali kusankha, ndipo pa muyeso wanji? Chigayo cha ZNS ni cha boma, anchito ake amalipidwa na boma, magalimoto ake ni a boma. Wa chigayo wa ku Chinika amene ali na nkhongole ku banki sangafanane nacho. Pa nthawi ya chilala tingamvetse. Koma chikakhala chizolowezi, mawa ni nkhuku, mkucha ni kabichi na mazila, ndiye tsiku lina muzapeza kuti amene mupikisana naye pa msika ali na yunifomu, ndipo mukadandaula mulibe kokamusumila.

N'chifukwa chake ine nikamba kuti abwele kudzagula. ZNS ikhale na makina aakulu, imange madamu na miseu ya kumidzi, iphunzitse anyamata kuwotchelela zitsulo na kukonza mathilakita, zimenezo ni nchito zake ndipo imazidziwa. Fakitale ya unduna wa chitetezo ya Mupepetwe ku Serenje ipange zimene msilikali yekha afuna, ndipo ngati ili na makina odula zitsulo amene akhala chabe, atsegule geti kuti wa ku Kalingalinga amene amapanga mageti na mafelemu akalipile n'kudulitsa zake. Koma chakudya, zovala na majombo, boma ligule kwa anthu.

Tikambe za Mulungushi Textiles, ndaba nkhani yonseyi ili mkati mwake. Inatsegulidwa ku Kabwe mu 1982 mothandizidwa na China, ndipo mbali ya Zambia inali m'manja mwa unduna wa chitetezo. Mu 1997 inakhala ya ogwilizana awili, Zambia na kampani ya ku Qingdao. Mu 2007 inatsekedwa, ndipo kwa zaka zoposa 15 makina anali zii, pamene thonje la alimi a ku Katete, Petauke na Mumbwa linali kupita kunja losaomba. Maboma otsatizana analonjeza kuitsegula, ndipo mwaona nokha kuti lonjezo limenelo limakonda kubwela masankho akayandikila. Ine sinikangana na aliyense za tsiku la kudula liboni. Funso langa ni la wamalonda: nsalu ikatuluka, agule ndani, ndipo asoke ndani? Ngati nsalu ya yunifomu ya asilikali, apolisi, oyang'anila ndende na manesi icokela ku Kabwe na pangano la zaka zambili, fakitale ingaime. Ndipo kusoka kungapite kwa matelala a mu City Market na Kamwala atagwilizana m'magulu, boma litawapatsa muyeso weniweni: ulusi wotani, msoko wotani, batani lotani. NISIR na ZABS ayese nsaluyo ngati ipilila dzuwa na kuchapa. Pamenepo ndiye kafukufuku wa boma wafika pa makina a Singer. Inu a salaula musaope, yunifomu ya msilikali siipikisana na belo lanu.

Wina azakamba kuti Zambia ni yaing'ono, asilikali athu ni ochepa, fakitale siingakhale na moyo pa iwo okha. Ni zoona, ndipo m'pamene nkhani ya chigawo ilowela. SADC ili na maiko 16. Tanzania ili na Nyumbu ku Kibaha na Mzinga ku Morogoro, Zimbabwe ili na Zimbabwe Defence Industries, Namibia ili na August 26. Aliyense ali na kafakitale kake, aliyense afuna kupanga zonse, ndipo onse amakagula zambili kutali. Zili monga amai asanu a mzele umodzi, aliyense alipila yekha galimoto kupita ku Nakonde kukatenga katundu wofanana. Inu munaithetsa kale nkhani imeneyo, mumasonkha n'kutuma mmodzi, mumachita chilimba. Maboma ndiwo akali kumbuyo. Asilikali a SADC anapita pamodzi ku Cabo Delgado mu 2021, anapitanso kum'mawa kwa Congo. Ngati angafe pamodzi, angalephele bwanji kugula majombo pamodzi? Wina apange magalimoto, wina mawailesi. Ife tili na kopa, ndipo ZAMEFA ku Luanshya imapanga kale mawaya. Tili na thonje, zikumba za ng'ombe za ku Southern na Western, soya, nshawa, chimanga. Tikatenga chabe nsalu, majombo, mawaya na chakudya cha m'paketi cha asilikali a chigawo chonse, zimenezo ni nchito zambili kuposa zimene fakitale ya mfuti ingapeleke.

Ku Uganda kuli chitsanzo chimene chimanipatsa chiyembekezo pang'ono. Ana a sukulu na aphunzitsi a pa Makerere University anapanga kagalimoto ka malaiti mu 2011. Boma linatenga nchitoyo n'kupanga kampani ya Kiira Motors, univesite ili na gawo lake mmenemo, ndipo mabasi ena a Kayoola anawamangila ku fakitale ya asilikali ya Luwero Industries ku Nakasongola. Asilikali anapeleka malo na manja, koma basi inapita kukanyamula anthu wamba. Ngati izapanga phindu, tizaona, zaka zikali zochepa. Koma zofufuza zinatuluka m'kabati n'kuyenda pa mseu.

Zinthu ziwili zingaphe zonsezi tisanayambe n'komwe. Choyamba ni chinsinsi chija. Nivomela, kuchuluka kwa zipolopolo zimene dziko lili nazo si nkhani ya pa Facebook. Koma mtengo wa nyemba si chinsinsi cha dziko. Mtengo wa bulangeti, wa jombo, wa thumba la mpunga, na dzina la kampani imene yapatsidwa tenda, ziyenela kukhomedwa poyela monga mmene mumalembela mtengo pa katoni. Lamulo la kagulidwe ka boma la 2020 lili kale na malo okondela nzika. Koma ngati tenda ya chakudya cha asilikali ibisidwa pamodzi na ya zida, amene apambana ni uja ali na kampani ya m'chikwama, amene amabwela pa Soweto m'mawa na Hilux, agula nyemba zanu pa mtengo wolila, n'kukagulitsa ku boma kuwilikiza. Nyemba ni zanu, zofufuza ni za msonkho wanu, phindu ni lake.

Chachiwili ni kulipila. Aliyense amene anapelekapo katundu ku boma adziwa nyimbo yake: bwelani mawa, fayilo ili pa tebulo la abwana, funding ikalibe kubwela. Mnzanga wina telala anasoka mayunifomu a ofesi ina ya boma, sinizaichula, anayembekeza chaka na miyezi, ndipo pomalizila anagulitsa makina awili kuti abweze kaloba amene anatenga pogula nsalu. Kampani yaikulu ingapilile zimenezo. Gulu la amai khumi oumitsa tomato silingapilile ngakhale miyezi itatu. Ngati boma lifunadi kuti ang'onoang'ono alowe, liike m'lamulo kuti wamng'ono azilipidwa m'masiku 30, ndipo likachedwa lizilipila chiwongoladzanja monga mmene ZRA imakulipilitsani inu mukachedwa.

A MP anu na amene afuna mpando wao azabwela pa msika, simuchita kuwaitana. Azabwela na vitenge na nyimbo. Landilani chitenge, ni ndalama yanu. Ndiye mufunseni kuti majombo amene asilikali athu avala ku Birao anasokedwa kuti. Akayamba kukamba za chinsinsi, muuzeni kuti simunafunse za mfuti. Mufunsenso ngati analowapo pa geti ya NISIR, ndipo atchule chinthu chimodzi cha mkati muja chimene chili pa msika lelo. Ndipo inu a makomiti a misika, lembani kalata ku NTBC na ku TDAU, mupemphe kuti abwele na makina ao oumitsila tomato, ndiwo na nsomba, awaike pa msika kwa mwezi umodzi nyengo ya tomato wambili, amai awayese okha na kuwauza pamene palakwika.